Mwatsekeredwa kunja kwa akaunti ya domain? Njira yobwereramo kuti imelo ya bizinesi igwire ntchito

Funso ili limandifika kawirikawiri, ndipo limabwera mofanana. Munthu walipira Google Workspace, Microsoft 365 kapena Zoho Mail kuti bizinesi yake ikhale ndi imelo ya dzina lakelake. Wafika pomwe akumuuza kuti aike rekodi ya TXT (yotsimikizira kuti domain ndi yake) ndi ya MX (yolozera komwe makalata azifikira), ndiye pomwepo n'kuzindikira kuti sakudziwa komwe domain inagulidwa, kapena akudziwa koma pasiwedi ikukana. Ena amabwera madzi atafika kale m'khosi: imelo yaima, makasitomala akuimba foni kuti makalata awo akubwerera. Ndalemba yankho lonse pano kuti aliyense wofunsa azilipeza lathunthu. Tsatirani masitepewa mwa ndondomeko yake, chifukwa amene amalumphira pa "Forgot password" asanadziwe khomo lomwe latsekeka amataya masiku omwe sadzabwerera.

Choyamba tisiyanitse zinthu zomwe anthu amaziphatikiza. Domain ndi dzina lobwera pambuyo pa chizindikiro cha @, monga dzinalanu.com. Dzinali simuligula kuti likhale lanu mpaka kalekale. Mumalilipirira kwa chaka chimodzi kapena zingapo, osapitirira zaka 10, ndipo mukasiya kulipira limachoka m'manja mwanu. Registry ndi bungwe losunga kaundula wa mayina onse a mathero amodzi: Verisign imasunga .com ndi .net, Public Interest Registry imasunga .org. Inu simuchita nawo kanthu amenewa. Registrar ndiye kampani yomwe inakugulitsani dzinalo, monga GoDaddy, Namecheap kapena Squarespace. Registrant ndi munthu kapena kampani yolembedwa kuti ndi mwini wake. DNS ndi mndandanda wa marekodi ouza dziko lonse komwe webusaiti yanu ili komanso komwe imelo yanu iyenera kufikira, ndipo makompyuta osunga mndandandawu amatchedwa ma nameserver. Gwirani mfundo iyi: komwe domain inagulidwa ndi komwe DNS ikusungidwa kukhoza kukhala malo awiri osiyana.

1. Dziwani registrar wanu

Tsegulani lookup.icann.org, lembani domain yanu popanda www. Tsambali ndi la ICANN, bungwe loyang'anira malamulo a mayina monga .com, .net ndi .org, ndipo salipiritsa. Pa zonse zomwe zituluke, koperani zinthu zinayi: dzina la registrar, tsiku la pa Registry Expiration, mawu a pa Domain Status, ndi ma nameserver. Musadabwe mukaona kuti dzina la mwini labisidwa. Kuchokera mu May 2018, pomwe lamulo la ku Ulaya loteteza zinsinsi za anthu, lotchedwa GDPR, linayamba kugwira ntchito, ma registrar ambiri amabisa zimenezi.

Mwina mupeza dzina lomwe simunalimvepo, monga Tucows, eNom, Wild West Domains kapena PDR. Sikuti domain yabedwa ayi. Makampani ambiri osunga mawebusaiti sali ma registrar enieni, amangogulitsa m'malo mwa kampani yaikulu, ndipo oterewa amatchedwa ma reseller. Akaunti yanu ili kwa reseller, ndipo ndi komwe muyenera kugogoda poyamba. Tucows ili ndi tsamba lomwe mumalembapo domain n'kukuuzani reseller wake. Ngati munagula ku Google Domains, dziwani kuti Squarespace inagula bizinesiyo mu 2023 ndipo ma domain anasamukira kumeneko. Poloweramo yesani akaunti ya Google yomwe munkagwiritsa ntchito kale ija.

Mayina a mayiko, othera ndi zilembo ziwiri monga .uk kapena .de, ali ndi malamulo awoawo. Ofufuzira ake amakhala pa webusaiti ya bungwe losunga kaundula wa dzikolo, ndipo masiku omwe nditchule pansipa sangafanane ndi awo.

2. Werengani tsiku, kuti mudziwe ngati muli ndi nthawi

Tsiku lothera ndilo likuuzani kuti muyende kapena muthamange. Ngati kwatsala miyezi ingapo, pumani, muchita zonse mwadongosolo. Ngati kwatsala masabata, kapena tsiku ladutsa, chinthu choyamba chokambirana ndi registrar ndi kulipira, nkhani ya pasiwedi ibwere pambuyo.

Domain ya .com ikatha nthawi, zimayenda motere. Registrar amakhala ndi masiku osapitirira 45 oti aisunge podikira kuti mulipire, koma sikuti onse amadikira masiku onsewo, ndipo ena amaika dzinalo pa okishoni nthawi imeneyi isanathe. M'katikati mwa masikuwa webusaiti ndi imelo zimazimitsidwa dala, kuti mwini wake adzidzimuke. Registrar akaifufuta, imalowa m'masiku 30 otchedwa redemptionPeriod. Apa mukhoza kuiwombola, koma pa mtengo woposa kwambiri wa kulipira kwa chaka. Kenako pamabwera masiku 5 a pendingDelete, pomwe palibe angaibweze, ndipo akatha aliyense padziko akhoza kuigula.

Chenjerani ndi chinthu chimodzi. Domain ya .com ikangotha, tsiku la pa kaundula limatha kudzisunthira lokha chaka chimodzi kutsogolo ngakhale palibe walipira. Mukaona mawu oti autoRenewPeriod pa Domain Status, musakhulupirire tsikulo. Funsani registrar ngati ndalama inalowadi.

Mawu oti clientTransferProhibited asakuopseni, ndi loko wamba woletsa kuti domain isasamutsidwe mwachinyengo. Oopsa ndi clientHold, chifukwa akutanthauza kuti registrar waichotsa domain pa DNS, ndipo palibe imelo ingafike. Zifukwa zake kawirikawiri ndi ziwiri: simunalipire, kapena anatumiza uthenga wotsimikizira adiresi ya imelo ya mwini ndipo masiku 15 anadutsa palibe wayankha.

Pali malangizo omwe ndimawamva ndipo ndimawakana ndi mtima wonse: akuti ingoisiyani ithe, mudzaigulenso pa akaunti yatsopano. Musayerekeze. Mudzakhala miyezi iwiri kapena kuposa opanda imelo, ndipo pali makampani omwe ntchito yawo ndi kutchera mayina akugwa n'kuwatola m'kamphindi komwe atulutsidwa. Wotola dzina lanu akhozanso kulandira makalata onse otumizidwa ku maadiresi anu akale, kuphatikizapo maulalo osinthira mapasiwedi a maakaunti ena omwe munatsegulira ndi imelo imeneyo.

3. Yang'anani ma nameserver: mwina lero simukufunikira registrar

Malangizo ambiri amadumpha apa. Marekodi a imelo saikidwa kwa registrar chifukwa choti ndi registrar, amaikidwa komwe ma nameserver akuloza. Mukaona ns.cloudflare.com kumapeto kwa dzina la nameserver, DNS yanu ili ku Cloudflare. Mukaona wixdns.net, ili ku Wix. Mawu oti awsdns akuloza ku Route 53 ya Amazon. Domaincontrol.com ndi ya GoDaddy, registrar-servers.com ndi ya Namecheap. Ngati dzinalo ndi la kampani yosunga webusaiti yanu, lowani mu cPanel, tsamba loyendetsera webusaiti pa akaunti yanu ya kumeneko, mufunefune Zone Editor, pomwe marekodi a DNS amasinthidwira.

Tiyerekeze kuti domain inagulidwa ku Namecheap, akaunti yakeyo yakukanikani, koma ma nameserver ndi a kampani yosunga webusaiti ndipo kumeneko mumalowa bwinobwino. Imelo yanu mukhoza kuikhazikitsa lero lomwe. Pitani pa sitepe 9, mumalize, kenako mubwerere kuno. Ndikuti mubwerere, chifukwa imelo ikayamba kuyenda anthu amaiwala kuti akaunti ya registrar idakali yotseka, mpaka tsiku lomwe khadi lolipirira lidzathe ntchito.

4. Sonkhanitsani zizindikiro zonse musanalankhule ndi aliyense

M'mabokosi onse a imelo omwe bizinesi inagwiritsapo ntchito, akale ndi a anthu omwe, fufuzani dzina la domain, dzina la registrar, ndi mawu monga renewal, invoice, receipt. Onani ndi mu spam momwe. Malamulo a ICANN amakakamiza registrar kutumiza chikumbutso kutatsala pafupifupi mwezi umodzi, china kutatsala sabata imodzi, ndipo chinanso pasanathe masiku 5 domain itatha. Bokosi lomwe muli zikumbutso zimenezi ndilo linalembedwa ngati la mwini, ndipo nthawi zambiri nambala ya kasitomala kapena dzina lolowera limakhala pamwamba pa uthengawo.

Kenako onani masitetimenti a ku banki a mwezi womwe domain inalembetsedwa, chaka ndi chaka. Tsiku lake lili pa Created, pa tsamba lija la sitepe 1. Lembani tsiku lomwe ndalama inatuluka, kuchuluka kwake, ndi manambala anayi omaliza a khadi. Tsegulaninso malo osungira mapasiwedi mu Chrome, Firefox, Edge kapena Safari pa makompyuta onse a mu ofesi, ngakhale laputopu yakale yomwe inaikidwa m'kabati.

5. Yesani kusintha pasiwedi, koma modekha

Lembani nokha adiresi ya webusaiti ya registrar. Musadine ulalo wa mu uthenga wonena kuti domain yanu ikutha mawa, chifukwa akuba amatumiza mauthenga otere ochuluka, ndipo munthu amene wachita jenkha ndi amene amamukola. Musalembe mapasiwedi ongoganizira mobwerezabwereza, akaunti imatha kudzitseka. Yesani kaye "Forgot username" ndi imelo iliyonse yomwe mwapeza.

Apa m'pomwe ambiri amagwira njakata. Ulalo wosinthira pasiwedi ukutumizidwa ku info@dzinalanu.com, koma imelo imeneyo siikugwira ntchito, ndipo kuti igwire ntchito mukufunika kulowa mu akaunti yomweyo. Kiyi watsekeredwa m'nyumba. Ngati domain sinathe ndipo DNS muli nayo m'manja monga tanenera pa sitepe 3, njira ilipo: khazikitsani imelo yatsopanoyo, pangani bokosi la dzina lomwelo ndendende, info@dzinalanu.com, kenako pemphani ulalo uja. Ufika. Chimodzimodzi ngati imelo yakale inali pa cPanel ndipo wina anangofufuta bokosilo: lipangeninso. Koma ngati domain ili pa clientHold kapena yatha, njira imeneyi yatsekeka, pitani pa sitepe 6.

Ngati imelo yolembedwa inali ya Gmail yomwe munaisiya kalekale, yesani kuibweza msanga. Kuyambira mu December 2023, Google inayamba kufufuta maakaunti a anthu omwe akhala zaka 2 osagwiritsidwa ntchito. Ngati pasiwedi mukuidziwa koma nambala yotsimikizira ikupita ku foni yotayika, funafunani manambala apadera omwe anakupatsani tsiku lomwe munatsegula chitetezo cha masitepe awiri chimenechi, aja amati backup codes. Ngati nambala imabwera pa SMS, kubwezeretsa simu khadi ya nambala yomweyo kumathetsa vutoli.

6. Tsimikizirani registrar kuti ndinu mwini

Ma registrar akuluakulu ali ndi fomu ya anthu otsekeredwa kunja. Ifufuzeni pa tsamba lawo la chithandizo ndi mawu oti account recovery kapena regain access. Amene akuyankhani pa foni kapena pa chat sangakutsegulireni pompopompo, ngakhale mulire chotani, ndipo ndi bwino kuti zili choncho. Wakuba nayenso amaimba akulira kuti bizinesi yake yaima. Kuuma mtima kwawoko n'komwe kwakhala kukutetezani zaka zonsezi.

Chomwe iwo akuyang'ana ndi chimodzi: kodi mapepala anu akugwirizana ndi dzina lomwe lili m'kaundula wawo? Ngati domain inalembedwa m'dzina lanu, akufuna chiphaso cha boma chokhala ndi chithunzi, monga pasipoti kapena laisensi yoyendetsera galimoto. Ngati inalembedwa m'dzina la kampani, akufunanso satifiketi yolembetsera bizinesi, ndipo nthawi zina kalata yosainidwa ndi mkulu wa kampani yonena kuti inu muli ndi mphamvu yoiimira. Onjezerani malisiti ndi zija munalemba kuchokera ku banki.

Mapempho ambiri amakanidwa pa zinthu zing'onozing'ono. Jambulani chiphaso chili pa tebulo, pamalo owala, ngodya zonse zinayi zikuoneka, popanda chala pa dzina kapena kunyezimira pa chithunzi, ndipo chikhale cha mitundu yake, osati fotokope yakuda. Onetsetsani kuti sichinathe ntchito. Ngati m'kaundula munalembedwa chidule cha dzina la kampani pomwe pa satifiketi pali dzina lonse, kapena kampani inasintha dzina, fotokozani zimenezi m'chiganizo chimodzi ndipo ikani pepala losonyeza kusinthako. Perekani adiresi ya imelo yomwe mukuitsegula lero komanso yosakhala pa domain yomwe ikuvutayo.

Mukatumiza, sungani nambala ya tikiti ndipo muziyankha pa tikiti yomweyo. Kutsegula yatsopano tsiku lililonse kumangobweza nkhani yanu kumapeto kwa mzere. Ma registrar ena amadikira dala masiku angapo, atadziwitsa imelo yakale, kuti ngati pali wotsutsa alankhule. Ngati tsiku lothera layandikira, linenani m'chiganizo choyamba ndipo funsani mwachindunji ngati angalandire malipiro a chaka china pomwe nkhani ya umwini ikuunikidwa. Ndipo musauze banki kuti ibweze ndalama yomwe inalipiridwa kwa registrar pofuna kuwakakamiza, chifukwa zimenezo zimachititsa kuti domain iimitsidwe.

7. Ngati domain ili m'dzina la munthu wina

Pano ndiye pali fupa la nkhani yonse. Nthawi zambiri vuto si pasiwedi. Vuto ndi loti mnyamata amene anakonza webusaiti, kapena wantchito amene anachoka, kapena mnzanu amene munayamba naye bizinesi, anagula domain pa akaunti yake, ndi imelo yake, m'dzina lake. Mwina sanachite mwachinyengo, inali njira yachidule tsiku limenelo. Koma kwa registrar, mwini ndi amene walembedwa. Kuti ndalama inachokera m'thumba mwanu, kuti dzinalo lili pa chikwangwani chanu, iwo sangaweruze zimenezo, ndipo akuuzani kuti mukagwirizane nokha kapena mubwere ndi chigamulo cha khoti.

Yambani ndi kudziwa kuti zili mbali iti. Funsani registrar kuti, "Kodi chiphaso cha kampani yakutiyakuti chingakwanire pa domain imeneyi?" Sangakuuzeni dzina la munthu, koma yankho lawo likupatsani chithunzi. Ngati pa malo a Organization panalembedwa kampani yanu, ngakhale akaunti ili ya munthu wina, muli ndi poimira, chifukwa ma registrar ambiri amatenga kampaniyo ngati mwini ndipo akhoza kusamutsira domain ku akaunti yatsopano yanu. Ngati palembedwa dzina la munthu basi, njira yachangu, yotsika mtengo komanso yodalirika ndi kulankhula naye.

Ndipo mulankhule naye mwaulemu, ngakhale munasiyana moipa. Munthu ameneyu angathe kuzimitsa imelo yanu m'mphindi zochepa, choncho uthenga woyamba usakhale woopseza. Musamupemphe pasiwedi ya akaunti yake. M'menemo mukhoza kukhala ma domain a makasitomala ake ena, ndipo akakana akhala akulondola. Pemphani chinthu chimodzi chodziwika, chosavuta kuchita. Mwachitsanzo:

"Achimwene, ndikhulupirira muli bwino. Tikukhazikitsa imelo ya ofesi ndipo taona kuti domain yathu, dzinalanu.com, ili pa akaunti yanu kuyambira nthawi ija munatikonzera webusaiti. Ndatsegula akaunti yathu ku registrar yemweyo, dzina lake lolowera ndi ili. Chonde tithandizeni kuisamutsira kumeneko sabata ino. Ngati pali ndalama yomwe munalipira m'malo mwathu, nditumizireni lisiti ndikubwezereni, pamodzi ndi ya nthawi yanu."

Onani kuti uthengawu ukupempha kusamutsa pakati pa maakaunti a registrar mmodzi. Imeneyi ndiyo njira yofulumira. GoDaddy ndi Namecheap onse ali nayo, nthawi zambiri imatha tsiku lomwelo, ndipo siifuna auth code, nambala yachinsinsi yosamutsira domain kwa registrar wina. Ikafika, onani ngati ma nameserver ndi marekodi ali momwe analili, kenako sinthani dzina la registrant kuti likhale la kampani.

Njira inayo ndi kusamukira kwa registrar wina. Mwini akaunti amachotsa loko, n'kukupatsani auth code, yomwe ena amaitcha EPP code. Inu mumaika nambalayo kwa registrar watsopano n'kulipira chaka chimodzi, chomwe chimawonjezedwa pa nthawi yotsala. Kusamukaku kumatenga masiku pafupifupi 5 kapena kuposerapo pang'ono. Sikutheka ngati domain inalembetsedwa kapena kusamutsidwa m'masiku 60 apitawa, ndipo kusintha dzina kapena imelo ya registrant kumathanso kuika loko wa masiku 60. Loko ameneyu saletsa kusintha marekodi a imelo, amangoletsa kusamuka. Ngati DNS inali kwa registrar wakale, koperani marekodi onse musanasamuke, chifukwa sayenda okha. Domain yomwe yatsala masiku ochepa kutha, ilipireni kaye komwe ili, musamuke pambuyo.

Nanga ngati akuti munamutsalira ngongole? Ngati ngongoleyo ndi yoona, lipirani, musainirane kuti ndalama ikalowa domain isamuka tsiku lakuti. Ngati akufuna ndalama yongokufinyani, musakangane naye pa foni. Sungani mauthenga onse, mgwirizano wa ntchito, malisiti osonyeza kuti domain munailipira ndinu, ndipo pitani kwa loya. Kalata ya loya yokha imamasula nkhani zambiri zotere. Wantchito amene anagula domain ali pa ntchito, ndi ndalama za kampani, kawirikawiri sakhala ndi poimira polimba, koma wonena zimenezo ndi khoti, osati registrar.

Anthu amafunsa za ICANN. ICANN siitsegula akaunti ya munthu ndipo siiweruza za umwini. Imalandira madandaulo pokhapokha registrar akuphwanya malamulo, monga kusapereka auth code kwa mwini wolembedwa pasanathe masiku 5, kapena reseller atasowa ndipo registrar wamkulu sakuyankha. Palinso ndondomeko ya UDRP, yomwe inakhazikitsidwa mu 1999 ndipo milandu yake yambiri imapita ku WIPO, bungwe la United Nations loona za umwini wa zizindikiro za malonda ndi zopanga za luso, ku Geneva. Imeneyi ndi ya eni zizindikiro za malonda olandidwa dzina ndi munthu wa zolinga zoipa. Imadula, imatenga pafupifupi miyezi iwiri, ndipo mkangano wa malipiro pakati pa inu ndi wokonza webusaiti nthawi zambiri suloledwa kumeneko.

Ngati munthuyo anamwalira, ma registrar ali ndi njira yake: amafuna satifiketi ya imfa ndi mapepala a woyang'anira chuma cha masiye. Lankhulani ndi banja mwaulemu woyenera. Ngati wangosowa, yesani nambala zakale, anzake a ntchito, ndi fomu yolembera mwini domain yomwe registrar amaika pa tsamba lake lofufuzira. Chomwe simuyenera kuchita, zivute zitani, ndi kudzitcha dzina lake kwa registrar, kulowa mu imelo yake mobisa, kapena kukonza chikalata chabodza. Umenewo ndi mlandu, ndipo mukagwidwa mwataya ndi mwayi womwe munali nawo.

8. Mwalowa? Tsekani makomo musanaike rekodi iliyonse

Sinthani pasiwedi. Sinthani imelo ya akaunti kuti ikhale yosadalira domain imeneyi, komanso yoti anthu awiri odalirika a kampani angathe kuitsegula. Tsegulani chitetezo cha masitepe awiri, sindikizani ma backup codes pa pepala muwasunge pamodzi ndi mapepala a kampani. Konzani dzina la registrant, ndipo uthenga wotsimikizira ukabwera uyankheni tsiku lomwelo, pokumbukira masiku 15 aja. Ikani khadi logwira ntchito, tsegulani auto-renew kuti domain izilipiridwa yokha nthawi ikakwana, ndipo ngati thumba likulola lipirani zaka zingapo. Chotsani anthu akale omwe anapatsidwa mwayi wolowa. Wokonza webusaiti akadzafuna kugwira ntchito, mupatseni chilolezo chochepa kudzera pa Delegate Access ku GoDaddy kapena Share Access ku Namecheap, chomwe mungachichotse ntchito ikatha.

9. Ikani marekodi a imelo

Jambulani kaye sikirini yonse ya marekodi momwe ilili. Kenako ikani rekodi ya TXT yotsimikizira umwini: ya Google imayamba ndi google-site-verification=, ya Microsoft imayamba ndi MS=. Pa malo a Host kapena Name lembani @, kutanthauza domain yeniyeniyo. Pangani mabokosi a anthu onse musanasinthe MX, apo ayi makalata afika pa adiresi yomwe kulibe n'kubwerera. Ngati pali makalata akale pa seva yakale, akopereni musanaitseke.

MX ya Google Workspace masiku ano ndi imodzi, smtp.google.com, ndipo priority yake ndi 1. Ya Microsoft 365 imaoneka ngati dzinalanu-com.mail.protection.outlook.com. Koperani yomwe akupatsani pa akaunti yanu, musailembe kuchokera m'mutu. Fufutani ma MX akale onse, chifukwa mukasiya awiri osiyana makalata ena azisochera ku seva yakale. Marekodi a A ndi CNAME a www musawakhudze, ndi a webusaiti.

Atsala atatu oteteza kuti makalata anu asagwere mu spam. SPF imatchula maseva ololedwa kutumiza m'dzina lanu, ndipo ya Google ndi v=spf1 include:_spf.google.com ~all. Domain imayenera kukhala ndi SPF imodzi yokha. Mukapeza ina kale, ziphatikizeni mu mzere umodzi, osawonjezera yachiwiri. DKIM ndi siginecha ya makalata, mumaitenga pa tsamba la admin la kampani ya imelo, ndipo mukaiika mubwerere kukadina batani loiyatsa. DMARC imauza maseva olandira chochita ndi kalata yolephera SPF ndi DKIM, imaikidwa pa dzina loti _dmarc, ndipo poyambira pabwino ndi v=DMARC1; p=none. Kuyambira mu February 2024, Gmail ndi Yahoo amafuna kuti wotumiza aliyense akhale ndi SPF kapena DKIM, ndipo wotumiza makalata 5,000 pa tsiku ku Gmail akhale ndi zonse zitatu.

Kusintha kumaoneka m'maola ochepa, ngakhale nthawi zina kumafika maola 48. Musamasinthesinthe podikira. Yesani potumiza kalata kuchokera ku adiresi yakunja, muiyankhe, muone ngati zonse ziwiri zafika.

10. Ngati domain yapitadi

Zikatheka kuti wina waigula kapena mlandu utenga miyezi, bizinesi isaime. Gulani dzina lina loyandikana nalo, pa akaunti ya kampani, mukhazikitse imelo pamenepo. Tsiku lomwelo lowani ku banki, ku Facebook, ku mapulogalamu owerengera ndalama ndi kwina kulikonse komwe munalembetsa ndi adiresi yakale, musinthe imelo yolowera wina asanapemphe ulalo wa pasiwedi m'malo mwanu. Makasitomala ndi okugulitsani katundu auzeni pa foni, osati pa imelo yokha, kuti adiresi yakale si yanunso, ndipo kalata iliyonse yochokera kumeneko yowauza kuti alipire ku akaunti ina ya banki asaikhulupirire mpaka atakuimbirani.